Mayi Simbi ndi Nsalu za Alendo

Amayi anga anagwira ntchito yochapa pachipatala cha m'tauni mwathu kuyambira ine ndisanamere mano mpaka mwana wanga woyamba atayamba sukulu. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi a ku ofesi ya malipiro okha. Ena onse, kuyambira dokotala wamkulu mpaka mlonda wa pageti, ankawatchula Mayi Simbi, chifukwa nsalu yosasita sinkatuluka m'chipinda chawo ngakhale kunja kugwe chiyani. Magetsi akazima ankatulutsa simbi yamakala imene anachita kubwera nayo kuchokera kunyumba, n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

Chipinda chochapiracho chinali kuseri kwenikweni, kupitirira khitchini, pafupi ndi thanki ya madzi. Munali masinki asimenti, tebulo lalitali lositirapo, makina ochapira amene anafa kalekale koma panalibe wowatulutsa, ndi kachipinda kena kam'kati koyanikamo nsalu nthawi ya mvula. Pakona panali kabati yachitsulo yokhoma. Kiyi wake amayi ankamumangirira m'chiuno ndi kachingwe, ndipo nkhani yonseyi yagona pa kabati imeneyo.

Koma muyambe mwawadziwa amayiwo. Kunyumba kwathu kunali mbale zimene ife ana tinakula tikungozionera pagalasi. Kunali mbale za alendo, makapu a alendo, ndi nsalu yoyera ya patebulo yokhala ndi timaluwa tabuluu m'mphepete, imene inkayalidwa pokhapokha pakhomo pakafika munthu wa nsapato zopolisha. Ife tinkadyera m'mbale zobenthuka. Ukadandaula ankakuuza kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye zimene waona m'kanthawi kochepako ndi zimene azikakamba moyo wake wonse. Umphawi, iwo ankatero, malo ake ndi kuchipinda, pabalaza suloledwa. Ndili mwana zinkandipsetsa mtima, koma lero nanenso ndili ndi makapu amene ana anga sakhudza, ndiye ndingoti phee.

Chipatalacho n'cha khonsolo. Ndiye kuti mankhwala, sopo, mafuta a ambulansi, zonse zimadikira kuti makhansala akhale pansi kamodzi pachaka n'kugawa ndalama za tauni. Pogawapo chipatala chinkalimbirana ndi msika, misewu, ndi maulendo a makhansalawo okaphunzira mmene matauni ena amatayira zinyalala. Chaka ndi chaka gawo la chipatala linkanka lichepa, odwala akuchulukirachulukira. Amayi zimenezi sanaziwerenge paliponse, anazionera pa sopo. Poyamba ankabwera m'makatoni, kenako mitanda ingapo, kenako ankachita kumudula ndi ulusi kuti afike naye kumapeto kwa mwezi. Nsalu zatsopano zoyala pabedi zinasiyiratu kubwera.

Nsalu ya pabedi imatha pakati, pamene pamagona munthu. M'mbali imakhala ikadali yolimba. Amayi ankaing'amba pakati pothapo, n'kulumikiza mbali zolimba zija kuti ndizo zikhale pakati, kenako n'kupinda m'mphepete. Msokowo ankausita mpaka ugone, kuti usamakande wodwala pamsana. Nsaluyo ikathanso ankaika zigamba, ndipo zigambazo zikatha ankaika chigamba pa chigamba. Wophika wa pachipatalapo, mnzawo wosereulana naye, ankati tsiku lina nsalu idzatha yonse kudzangotsala ulusi wa Mayi Simbi, odwala osazindikira n'komwe. Zinali zoyera mbee, zonunkhira dzuwa, koma ukaikweza imodzi m'mwamba unkamuona munthu amene waima kuseri kwake.

M'kabati yokhoma ija munali nsalu zina, zatsopano, zokhuthala, zimene zinagulidwa chaka chimene anatsegulira wodi ya amayi oyembekezera. Zinkakwana wodi imeneyo yokha. Aliyense ankazitchula kuti nsalu za alendo. Chaka chilichonse, kutatsala masiku ochepa kuti agawe ndalama zija, makhansala ankabwera kudzayendera chipatala, ndipo tsiku limenelo chipatala chonse chinkasanduka pabalaza pa amayi anga. Miyala ya m'mbali mwa njira inkapakidwa laimu. Anamwino ankabwera ndi maluwa a kunyumba kwawo m'zitini. Azimayi amene ankagona pansi chifukwa chosowa bedi ankawasamutsira m'kachipinda koyanikira kaja, n'kutseka chitseko. Ndiyeno amayi ankatsegula kabati, n'kuyala nsalu za alendo bedi ndi bedi, makona ake opinda ngati envulopu. Odwala ankauzidwa mwanthabwala kuti agone mwaulemu, asatuluke thukuta. Magalimoto a alendo akamatuluka pageti, nsaluzo zinkakhala zitayalulidwa kale.

Palibe amene analamula zimenezi, ndipo palibe amene ankaziona ngati bodza. Unali ulemu basi, ndipo amene ankaunyadira kuposa onse anali amayi. Madzulo a tsiku lotero ankafika pakhomo mapewa ali m'mwamba, n'kutifotokozera mmene wapampando wa khonsolo anasisitira nsalu ndi dzanja lake.

Mmodzi mwa makhansalawo anali mlongo wawo wamng'ono wa amayi, amalume anga. Anali ndi sitolo ya misomali ndi penti, ndipo tauni yonse inkawatchula a Sizasi, chifukwa ankayenda ndi sizasi yawoyawo m'thumba la jekete kuopa kuti angapezeke podula riboni popanda chodulira. Chimbudzi cha pamsika anachitsegulira kawiri, kachiwiriko atangochipenta. Sanali munthu woipa ayi. Ankangokonda kuomberedwa m'manja, ndipo matenda amenewo m'tauni mwathu alibe mankhwala.

Chaka chimenecho zisankho zinali pafupi, ndipo wapampando anafuna kusiya chinthu chooneka ndi maso: depoti ya mabasi yokhala ndi wotchi pamwamba. Ndalama zake zinayenera kuchoka kwinakwake, ndipo maso onse anagwera pa gawo la chipatala. Dokotala wamkulu anali atanena kale poyera kuti gawolo likachepanso, wodi ya amayi itsekedwa, oyembekezera azikachirira mumzinda, kutali, pa msewu umene ngakhale wosayembekezera amafika atathyoka msana. Makhansala anagawikana, ena a depoti ena a chipatala, ndipo a depoti ankaposa ndi munthu mmodzi yekha. A Sizasi anali a depoti, poti kumeneko n'kumene kunali riboni.

Lamlungu lina masana anabwera kudzaona amayi, ine ndili komweko ndi ana anga. Amayi anatulutsa makapu a alendo, koma tebulo linali losayala, ndipo amalume anafunsa kuti nsalu ya timaluwa ija yapita kuti. Amayi anangoti inatha. Nkhani ya wodi ndinaiyambitsa ndine, chifukwa ine pakamwa panga sipagona chinthu. Ndinawafunsa ngati akufunadi kuti azimayi a m'tauni muno azichirira m'minibasi. Amalume anaseka, n'kunena kuti dokotalayo ndi wolira basi, chaka chilichonse nyimbo yake ndi yomweyo. Kenako anatembenukira kwa amayi, nkhope ikuwala ndi chikondi chenicheni.

"Achemwali, ife sitiyendera za m'maluwa, timapita tokha kukaona. Wodi yanu ija ndi hotela. Nsalu zake ngakhale kwanga kulibe. Wapampando amachita kunena mumsonkhano kuti chipatala chokhala ndi nsalu zotere sichingalire umphawi. Dzina lanu limatchulidwa kumeneko, achemwali."

Amayi anaika kapu yawo pansi pang'onopang'ono. Anangofunsa ngati amalume awonjezere shuga. Alendo atapita anatsuka makapu aja, kuwapukuta, kuwabwezera pagalasi, ndipo apo m'pamene anandifunsa, osandiyang'ana, ngati ndikuganiza kuti n'zoona kuti nsalu zawo zimatchulidwa pogawa ndalama. Ndinati n'zoona, amalume sadziwa kunama akamayamikira munthu.

"Ndiye kuti zaka zonsezi sopo uja ndakhala ndikudzichepetsera ndekha," anatero.

Ndinawamvera chisoni kwambiri. Chinthu chimene munthu wakhala akunyadira moyo wake wonse chikamutembenukira, palibe mawu omutonthoza nawo.

M'mawa mwake anapita kwa mkulu wa anamwino, mayi amene anagwira naye ntchito nthawi yaitali, n'kumupempha kuti chaka chino alendo aone wodi mmene imakhalira masiku onse. Mkuluyo anagwira pakamwa. Anafunsa ngati Mayi Simbi akufuna kuvula chipatala pagulu. Anati makhansala akaona zigamba sadzanena kuti ndalama zachepa, adzanena kuti ogwira ntchito ndi osasamala, ena achotsedwe. Mantha akewo sanali opanda pake. Amayi anamukumbutsa kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma iye anati chitseko chimenecho atsekule wina. Kwa dokotala wamkulu sanafikeko n'komwe, poti wochapa sagogoda pa ofesi imeneyo.

Sabata yonseyo amayi anachapa ndi kusita nsalu za masiku onse zija ngati za paukwati. Anasoka paliponse pamene ulusi unayamba kumasuka. Ankafika kunyumba manja atatupa, osafuna kucheza ndi munthu. Ine ndinkaganiza kuti agonja, akungodzitangwanitsa kuti aiwale.

Tsiku la alendo linandipeza m'wodi momwemo, chifukwa mlamu wanga anali atachira dzulo lake ndipo anali mmodzi wa ogona pansi, pa matiresi pakati pa mabedi. Miyala inali itapakidwa kale laimu, maluwa ali m'zitini. Mkulu wa anamwino anatuma namwino kukatenga nsalu za alendo, ndipo namwinoyo anabwerako manja lende. Mkuluyo anapita yekha kochapira, ine ndikutsatira chapatali, poti zoterezi sindiphonya. Nsalu za alendo zonse zinali pachingwe kuseri, zikudontha madzi. Kachipinda kobisamo ogona pansi kaja kanali kokhoma, kiyi wake ali m'chiuno mwa amayi pamodzi ndi wa kabati. Amayi sananamizire ngozi. Anati aziviika dala m'mawa womwewo, ndipo ngati pali wolakwa ndi iwo okha, mkuluyo akanene choncho kwa aliyense amene angafunse. Mkuluyo anawayang'ana, n'kubwerera kuwodi. Pageti magalimoto anali atayamba kale kulowa.

Makhansala analowa m'wodi akuseka, wapampando patsogolo, a Sizasi pambali pake. Kusekako sikunapite patali. Kuti adutse anayenera kuchita kulambalala miyendo ya mlamu wanga, ndipo kutsogolo kunali matiresi ena. Mabedi onse anali oyalidwa bwino lomwe, makona opinda monga mwa nthawi zonse, koma nsalu iliyonse inali ndi msoko pakati ndi zigamba zosiyana kayeredwe. Amayi anaima pakhomo atavala yunifolomu yosita, manja kumbuyo. Ine ndinali pafupi nawo. Kwa munthu amene sanalolepo mlendo kuona mbale yobenthuka, kumeneku kunali ngati kuyenda pamsika osavala.

Wapampando anafunsa dokotala wamkulu kuti nsalu zimene anaziona chaka chatha zapita kuti, ndipo mawu ake ankamveka kuti wakuba wamupeza kale, kwangotsala dzina. Dokotalayo anayang'ana mkulu wa anamwino, mkuluyo anayang'ana pansi. Apo m'pamene amayi analankhula, ali pakhomo pomwepo.

"Bwana, palibe wazitenga, zili pachingwe. Zimene munaona chaka chatha ndi zomwezo munaona chaka chinacho, ndi china chija. Ndinkaziyala ndine mukamabwera, n'kuziyalula mukamatuluka. Palibe mayi amene anagonapo mpaka m'mawa. Izi mukuonazi ndi zimene ana a tauni ino amabadwirapo."

Khanda lina limene silinkadziwa za ndale linayamba kulira. Wapampando anati ichi n'chiwembu, a mbali inayo akonza sewero kuti amuchititse manyazi zisankho zisanafike. Koma ine maso anga anali pa amalume. Anali atawerama pa bedi lina, atagwira ngodya ya nsalu. Pamenepo panali chigamba choyera chokhala ndi timaluwa tabuluu m'mphepete. Anayang'ana bedi lotsatira, n'kupezanso china. Nsalu ya patebulo ija, imene iwo anayamba kudyerapo tsiku limene anabwera kudzaonetsa mkazi wofuna kumukwatira, amayi anali ataidula zidutswazidutswa miyezi ingapo m'mbuyomo nsalu ya zigamba itasowa, osauza munthu. Amalume anaweramuka n'kutembenukira kukhomo.

"Achemwali, bwanji osandiuza?"

"Munali mlendo, achimwene."

Musaganize kuti anawaombera m'manja. Sabata isanathe amayi anaitanidwa ku ofesi n'kuuzidwa kuti zaka zawo zakwana, akapume. Phwando lotsanzikana kunalibe. Anamwino ena anasiya kuwapatsa moni kwa kanthawi, ati achititsa chipatala manyazi, ndipo pamsika ena ankati Mayi Simbi agulidwa ndi andale. Amenewotu ndi amayi amene chibadwire sanavalepo nsalu ya chipani chilichonse. Zimenezi zimandipsetsabe mtima mpaka lero, ndipo ena mwa amene ankanenawo ndimawadziwa nkhope. Makiyi aja anakapereka okha, atawapukuta.

Tsiku logawa ndalama ndinakakhala pa benchi ya anthu wamba kumbuyo kwa holo ya khonsolo. Anakangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. A depoti ankati tauni yopanda depoti si tauni, a chipatala ankafunsa ngati mwana angabadwire pansi pa wotchi. Itafika nthawi yokweza manja, a Sizasi anakhala kaye dzanja lili m'thumba la jekete, muja mumakhala sizasi, kenako analitulutsa n'kulikweza limodzi ndi a chipatala. Wapampando sanawayang'anenso mpaka msonkhano kutha.

Gawo la chipatala silinakwere kwenikweni chaka chimenecho, asakunamizeni munthu, koma silinadulidwe, ndipo wodi ya amayi sinatsekedwe. Depoti ija inathera pa maziko. Lero pamakhala ogulitsa matayala akale. Kabati inatsegulidwa, nsalu za alendo n'kulowa m'gulu la zinzake mpaka nazonso zinaona msoko pakati. Makhansala amene anabwera pambuyo pake anatengera kachizolowezi kena: akalowa m'wodi amakweza nsalu n'kuiyang'anitsa kuzenera, ndipo pang'ono ndi pang'ono za nsalu ndi sopo zinayamba kukumbukiridwa pogawa ndalama.

Amalume sanaitanidwenso kukadula riboni ina iliyonse, ndipo pa zisankho chipani chawo chinaimika munthu wina. Anatha miyezi osaponda kwathu, chifukwa ngakhale anakweza dzanja koyenera, zinkawawawabe kuti mlongo wawo weniweni anawasandutsa mlendo zaka zonsezo. Koma chibale ndi fupa, sichiola. Tsiku limene anabweranso anakana kapu ya pagalasi, n'kulowa okha kukhitchini kukatenga yobenthuka.

Amayi sanalankhulepo za tsiku lija monyadira. Ndikayamba kuikamba nkhaniyi kwa anthu, monga ndikuchitiramu, ankandidula n'kunena kuti palibe chokoma pa kuonetsa alendo zigamba. Ankati chimene chimawawawa n'choti pa bedi la pafupi ndi zenera msoko unali wokhota, ndipo wapampando anakaima pomwepo. Ndiye ine ndimanyadira m'malo mwawo, ndipo sindibisa. Ana anga omaliza anabadwira m'wodi imeneyo, osati m'minibasi.

Chaka chatha amayi anadwala chibayo, ndipo tinawagoneka pachipatala chomwecho. Miyala ya m'njira amaipakabe laimu alendo akamabwera, khalidwe silifa msanga, koma tsiku limenelo inali yafumbi. Kutentha thupi kutatsika, ndinawapeza m'mawa wina akupapasa nsalu imene anagonapo. Anaitsina ndi zala kuyesa kukhuthala kwake, kenako analowetsa dzanja kunsi kwa msana kufunafuna msoko. Panalibe. Nkhope yawo inasintha, n'kuyamba kudzikoka kuti adzuke, akuti ndiwathandize asanaidetse. Ndinawaletsa, koma sanandimvere. Anakodola namwino, mtsikana amene sankawadziwa n'komwe, n'kumufunsa monong'ona kuti kodi kukubwera ndani lero.

Namwinoyo anadabwa. "Palibe akubwera, agogo. Lero ndi Lachitatu basi. Gonani."

Amayi anagonanso pang'onopang'ono, dzanja likadali pansalupo. Misozi inali m'mbali mwa maso, ine n'kumayang'ana kwina kuti ndisawachititse manyazi. Kenako anandikoka mkono kuti ndiwerame, n'kundiuza kuti ndikamuuze amene wayala bediyu kuti makona sapinda choncho.